Chipepeso chinafika, mwini wake sanafike

Mu June chaka chatha alongo awo a agogo anga aakazi anamwalira kwathu ku Ntcheu. Uthenga unandipeza Lachiwiri m'mawa kuno ku Zomba, ndikutuluka m'kalasi. Pasanathe ola limodzi, gulu la banja lathu la pa WhatsApp linali litasefukira: "Pepani," "Mzimu wawo uuse mumtendere," ndi tizithunzi tija ta nkhope zolira ndi manja opemphera. Msuweni wanga wa ku Lilongwe anaponya nambala yake ya Airtel Money ndi ya Mpamba, n'kuyamba kulemba mndandanda wa amene apereka. Ine ndinatumiza K5,000, ndinajambula uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita, n'kuuponya pagulupo. Dzina langa linalowa pa nambala 14. Mtima unakhala m'malo, ndinapita kukadya nkhomaliro.

Sabata imeneyo kunalibe mayeso. Ndalama ya minibasi ndinali nayo, chifukwa Loweruka lake lomwelo ndinagula nsapato pa kaunjika. Njira ndimaidziwa: Liwonde, Balaka, kulowa msewu wa M1 pa Chingeni, kenako kabaza mpaka kumudzi. Ndikanafika dzuwa lisanalowe. Sindinapite chifukwa mumtima mwanga nkhani inali itatha kale. Ndapereka, dzina lalembedwa, aliyense waona.

Nditapita kumudzi pa tchuthi ndinawapeza agogo ali pamkeka, akutong'ola chimanga. Titalonjerana anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndalama zako zinafika, dzina lako analiwerenga pagulu. Koma ine masiku awiri onse ndinkangoyang'ana kumsewu." Sanakalipe, sanaonjezeponso mawu. Anangondikankhira lichero kuti nditong'ole nawo.

Mawu amenewo ndi omwe andilembetsa nkhaniyi, ndipo ndikulembera ife tomwe: ophunzira, omaliza kumene sukulu, ife amene timanyadira kuti chilichonse timachitira pa foni. Ndinene mosapsatira kuti tayamba kudzinamiza. Ulesi wathu wina taupatsa dzina labwino, tikuutcha chitukuko, ndipo amene akulipira mtengo wake ndi anthu omwe pa magulu athu a WhatsApp palibe.

Wina asandiyese mdani wa intaneti. Airtel Money isanayambe mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, kutumiza ndalama kumudzi kunali kupempha wapaulendo kapena kondakitala wa basi, kenako n'kumapemphera kuti envelopu ikafike yosatsegulidwa. Uthenga wa maliro unkadikira munthu wa njinga kapena nthawi ya mauthenga achisoni pa wailesi ya MBC, moti ena ankamva za imfa ya mayi awo maliro ataikidwa kale. Lero magetsi akathima pakati pa usiku chifukwa mayunitsi atha, timagula tili pabedi. Mu January 2021, COVID-19 itafika poipa, wolemba Onjezani Kenani anatsogolera Amalawi kusonkha ndalama kudzera pa Facebook zogulira zipangizo za m'zipatala, ndipo anthu anapereka kuchokera m'mayiko osiyanasiyana. Namondwe Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'madera ena a kum'mwera mu March 2023, ambiri tinadziwa kuti abale athu ali moyo chifukwa foni inalira. Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu December 2015, tonse tinaona kuti buku lomwe lili ndi kope ya pa kompyuta silingathe ndi moto wa nyumba imodzi. Zonsezi n'zabwino, ndipo sindikufuna kubwerera kumbuyo ngakhale phazi limodzi.

Vuto lathu n'lakuti tasakaniza mitundu iwiri ya ntchito. Pali ntchito zina zomwe ndi njira chabe yofikira chinthu china. Palibe amene amaima pamzere wa kubanki chifukwa mzerewo ukumukoma. Akufuna ndalama basi. Foni ikatichotsera mzere wotere, chomwe tataya ndi thukuta lokha. Koma pali ntchito zina zomwe kuchita kwakeko ndiye chinthu chenichenicho. Ntchito zotere ukazidula njira umaphonya zonse, n'kutsala ndi lisiti m'manja.

Maliro ali m'gulu lachiwirili. Taganizani zomwe zimachitika m'mudzi munthu akamwalira. Masamba amaikidwa pamsewu, wanjinga amatsika n'kuyenda wapansi, wagalimoto amachepetsa liwiro. Amayi amalowa m'nyumba ya siwa, abambo amachezera panja pamoto, kwaya imaimba mpaka mawu kusasa. Nyumba iliyonse imatulutsa kambale ka ufa. Ena amapita kumjigo, ena kunkhuni. Mbandakucha adzukulu amanyamula makasu kupita kumanda. Pa ntchito zonsezi anamfedwa sagwirapo, amangokhala. Choncho ine ndikanapita, palibe akanandipatsa ndowa kapena mthiko. Ntchito yanga yonse inali kukhala pamkeka pafupi ndi agogo, kuti potembenuka aone mdzukulu wawo. Ndalama zinathandiza, sindikana: zinagula bokosi, ndiwo ndi mafuta a galimoto. Koma chomwe chinali changa kupereka tsiku limenelo chilibe nambala yotumizira.

Tsono tifunsane: manda aja anakumba ndani? Adzukulu amachokera m'mabanja ena a m'mudzimo, ndipo sakumba chifukwa chokonda dothi. Amakumba podziwa kuti mawa zikadzawagwera, ana a banja lathu adzanyamula makasu, ndipo ana aakazi a banja lathu adzatunga madzi. Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Imeneyi ndi ngongole, ndipo imabwezedwa ndi msana. Koma banja lathu, monga mabanja ambiri omwe anaphunzitsa ana, latumiza achinyamata ake onse ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Joni. Maliro akagwa kwathu timatumiza ndalama, mabanja ena n'kutigwirira ntchito. Maliro akagwa kwa iwo, ambiri a ife sitimva n'komwe, chifukwa gulu lathu la pa WhatsApp ndi la banja lathu lokha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 84 amakhala kumidzi. Kuphweka kwa zinthu komwe timanyadiraku kwatsamira pa anthu amenewa. Foni sinachotse ntchito ya manja; inangotichotsa ifeyo pa ntchitoyo, n'kuisiyira anzathu omwe tinali nawo limodzi ku pulayimale koma sanapeze mwayi wopitirira. Tsiku lina adzukulu adzakhala pansi n'kunena kuti nawonso atumiza pa foni, ndipo sindidziwa kuti tidzawayankha chiyani.

Mwina mukuganiza kuti ndikulalikira za udindo wokha, ngati kuti za makedzana ndi mankhwala owawa oyenera kumeza motsinzina. Ayi. Chomwe chandidabwitsa n'chakuti podula njira tikudzimananso zokoma. Mu December ndili kumudzi, kunachitika maliro kubanja loyandikana nafe, ndipo ulendo uno ndinapita. Ndinatunga madzi mpaka khosi kuuma, ndinapukuta maso ndi utsi, ndinachezera usiku wonse. Usiku umenewo amayi achikulire atadziwa kuti ndine wa kwa yani, anayamba kundisimbira za agogo aja amene sindinakawaike: momwe anapitira ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, momwe anabwerera ndi njinga ndi wailesi mudzi wonse n'kumasonkhana pakhonde pawo, momwe anakanidwira ndi mtsikana wina ngakhale anali ndi njingayo. Tinaseka m'nyumba ya siwa mpaka wina kutitsitsimula. Ndimaphunzira za mbiri ndi chikhalidwe chaka chachitatu tsopano, koma mbiri ya banja langa lomwe ndinaimvera pamphasa, pakati pa nyimbo ziwiri za kwaya. Palibe amene akanailemba pagulu lija, chifukwa nkhani zotere zimatuluka anthu akakhala limodzi nthawi yaitali opanda kothawira.

Pa ukwati n'chimodzimodzi. Masiku ano makadi ambiri a ukwati ndi chinkhoswe amakhala ndi nambala ya foni m'munsi, kuti amene sakwanitsa kubwera atumize. N'zothandiza, ndipo mwina akwati amapeza zambiri motero. Koma perekani-perekani sanapangidwe kuti akhale njira yachangu yotolera ndalama. Akanakhala choncho, bwenzi palibe amene amasinthitsa K5,000 kukhala mulu wa ma K50. Azakhali amasinthitsa dala kuti avine nthawi yaitali, akuponya imodzi imodzi, chitenje chili m'chiuno, mwana wa mlongo wawo akuona. Ndalama ya pa foni imafika mwakachetechete pa mphindi imodzi, mwini wake ali pa sofa. Imafika yonse, koma kuvina kuja kwatsala.

Nanga nsima? Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika nsima ya ku Malawi pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse choyenera kusungidwa. Sanalemekeze ufa ndi madzi, poti zimenezo zili paliponse. Analemekeza luso lophika, kudyera pamodzi, ndi momwe lusolo limachokera kwa akulu kupita kwa ana. Pa YouTube pali makanema ophunzitsa kuphika nsima, ndipo ndaonapo anzanga m'hositelo akuphika foni ili pambali pa mbaula. Kanema angakuuze kuti uthire ufa phala likabwata. Sangakuuze kulemera komwe mthiko umayenera kukhala nako m'dzanja, kapena fungo lomwe limakuuza kuti yapsa, omola. Zimenezo umaphunzira wina ataima kumbuyo kwako, akukuseka, kenako n'kukugwira dzanja. Ine ndinaphunzira choncho ndili ndi zaka 11, ndipo mpaka lero ndikamavundula ndimamva mawu a mayi anga akuti ndisaope mphika.

Ngakhale pa maphunziro athu matendawa alowa. Timakhala ndi ma PDF mazanamazana m'mafoni, otumizirana pa magulu a kalasi, ndipo ambiri mwa iwo sitinawatsegulepo. Kukhala nalo buku m'foni kumatipatsa mtima womwe uja unandigwira nditatumiza K5,000: zatheka, nkhani yatha. Chonsecho kuno ku Zomba kuli National Archives, komwe kwasungidwa makalata a boma ndi a mishoni kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo ambiri timamaliza zaka zinayi osapondako. Timalemba za John Chilembwe ndi kuukira kwa mu January 1915 pongokopera zomwe ena analemba, pomwe Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ndi ulendo wopita n'kubwera tsiku lomwelo. Timalemba za Jack Mapanje osafuna n'komwe kuona njira ya ku Mikuyu, komwe anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991, pafupi pomwepa. Gulu la Writers Group lomwe linayamba ku Chancellor College mu 1970 linkakumana maso ndi maso, wolemba n'kuwerenga ntchito yake anzake akumudzudzula pomwepo, m'nthawi yomwe mawu ankatha kumangitsa munthu. Ife timaponya ndakatulo pa Facebook, anthu 200 n'kudina chala chosonyeza kukonda, wopanda ndi mmodzi yemwe wotiuza kuti ndime yachiwiri n'njofooka. Intaneti yatipatsa mabuku ochuluka kuposa omwe Mapanje anali nawo. Koma munthu wokuyang'ana m'maso n'kukuuza zoona uyenera kumupitira.

Ndikudziwa zomwe ena munena, ndipo zina n'zomveka. Choyamba ndi ndalama ndi mtunda. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya maulendo inakwera, ndipo mafuta akasowa minibasi imakhala ya olemera. Mbale wathu ali ku Cape Town kapena ku Manchester sangakwere ndege maliro alionse. Kwa anthu amenewa foni ndi chisomo, ndipo palibe wanzeru angawadzudzule. Koma tisabisale kumbuyo kwawo. Ambiri amene tinali pa mndandanda uja tinali ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Lilongwe, maola ochepa kuchokera ku Ntcheu. Njira yomwe inapangidwira osowa pogwira taisandutsa njira ya tonse.

Chachiwiri n'chakuti za makedzana zimakoma pokamba kwa amene sanazigwirepo. Izi ndikuvomereza ndi mtima wonse. Ndimatopa nawo ana a m'tauni amene amajambulitsa atagwira munsi pa mtondo, n'kulemba kuti moyo wa kumudzi ndiye weniweni, kenako n'kubwerera ku Area 47 madzulo omwewo. Ine ndasinjapo chimanga mpaka matuza m'manja, ndipo ndikuuzani kuti chigayo ndi dalitso. Ndikudziwanso kuti ntchito zambiri zomwe timazitcha chikhalidwe zimagwera amayi ndi atsikana: madzi, nkhuni, miphika, mbale. Kusinja kuli m'gulu loyamba lija, ndi njira chabe yopezera ufa, ndipo makina akutenge. Koma mankhwala a ntchito yolemera pa atsikana okha ndi kuti alongo athu abwere adzagwire nawo ndowa. Tonse tikathawa, ntchitoyo imangotsalira mtsikana wina wosauka kuposa ife.

Chachitatu ndi nthawi. Amene wangoyamba kumene ntchito sangapemphe tchuthi mwezi ndi mwezi, ndipo wophunzira ali ndi makalasi. N'zoona, maliro onse sitingapiteko, maukwati onse sitingavineko. Koma foni yanga imandiwerengera maola omwe ndakhala ndikuiyang'ana pa tsiku, ndipo chiwerengerocho sindikuuzani chifukwa n'chochititsa manyazi. Tsegulani yanu muone. Nthawi yomwe foni inatipulumutsira kumizere ya kubanki sitinapite nayo kwa agogo kapena kulaibulale. Tinaibwezera m'foni momwemo, tikugula bandulo pamwamba pa bandulo kuti tione anthu osawadziwa akuvina pa TikTok.

Choopsa kwambiri pa zonsezi ndi mtendere wabodza uja. Kale munthu akalephera kupita kumaliro ankadziwa kuti walephera. Chinkamuvuta mumtima, ndipo chikamuvuta ankanyamuka sabata yotsatira kukapepesa. Lero foni imakupatsa chizindikiro choti wachita mbali yako: uthenga wotsimikiza, dzina pa mndandanda, tizala ta anthu tokuyamikira. Chikumbumtima chomwe chikanakunyamutsa chimagonekedwa ndi K5,000. Ine ndinakhala miyezi iwiri osadziwa kuti ndinalakwa, ndipo agogo akanakhala munthu wosunga mawu, bwenzi mpaka lero ndikudziyesa mdzukulu wabwino.

Sindikupempha aliyense kutaya foni m'chimbudzi. Ndikupempha kuti tisanadine batani lotumizira, tizidzifunsa mafunso awiri. Loyamba: kodi munthu ali kumapeto kwa nambalayi akufuna chinthu, kapena akufuna ine? Ngati akufuna fizi, feteleza kapena ndalama ya kuchipatala, tumizani msanga, musachedwe n'kusaka basi. Ngati akufuna inu, nyamukani. Lachiwiri: ndikapanda kupita, ntchito yanga agwira ndani? Ngati yankho ndi kompyuta ya kubanki, zili bwino. Ngati yankho ndi mnzanu uja munkakhala naye desiki imodzi mu Sitandade 5, ganizani kawiri.

Ndipo pamene kupita kwalephereka zenizeni, pali njira zapakati zomwe timazinyalanyaza chifukwa zimafuna kulimba mtima pang'ono. Imbani foni anamfedwa amve mawu anu, ngakhale musowe chonena, m'malo moponya kachithunzi kolira pagulu. Pitani mwezi wotsatira mukakhale nawo tsiku limodzi. Mukakhala kumudzi pa tchuthi n'kumva kuti kwagwa zovuta kubanja lomwe si lanu, pitani mukabweze ngongole ija. Pa maphunziro, sankhani phunziro limodzi chaka chino lomwe mudzalembe mutapondako pamalo pake, mutagwira pepala lenileni kapena mutacheza ndi munthu wamoyo. Mwezi uno phikirani anzanu nsima ndi manja anu, mudyere pamodzi mafoni ali m'thumba.

Ndisanabwerere kusukulu mu January, ndinawaikira agogo nambala yanga pa foni yawo ya mabatani, pamalo poti akangodina kamodzi iziimba. Anaiyang'ana, anaikulunga pakansalu n'kuimanga kunsonga ya chitenje, pamodzi ndi ndalama zawo za kuchigayo. Kenako anati, "Zikomo. Koma tsiku langa likadzafika, ameneyu asadzabwere yekha." Ndinaseka, nawonso anaseka. M'thumba la chikwama changa tsopano mumakhala ndalama ya minibasi ya ku Ntcheu, ya pepala, yomwe sindiikhudza ngakhale bandulo ithe.